Ndinamasula Thirela Wodwala Akadali Moyo

Ana anga, za kumudzi ndi za sukulu yanga yothera Sitandade 5 ndazidumpha dala. Mulibemo china koma njala ndi zikwapu, ndipo munazimva kale kwa azakhali anu, amene amazikometsa kuposa ine. Mutu uno ndi wa ntchito imene inandidyetsa ku Joni, komanso wa chinthu chimodzi chimene ndinachita kumeneko. Mpaka lero ndikachikumbukira ndimanyamuka pampando n'kuyamba kuzungulira bwalo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Kempton Park, 1994

Ndinafika ku Joni mu Febuluwale. Nditadula maudzu m'mayadi a eni miyezi itatu, ndinalembedwa pa galaja ina yaing'ono ku Kempton Park. Ntchito ya pamenepo inali imodzi: kumanga zokokera kumbuyo kwa magalimoto. Chokokera ndi chitsulo chija chokhala ndi mutu wobulungira ngati lalanje, pamene pamakolekedwa thirela. Mwini galaja anali mzungu wokalamba yemwe anakhalapo kapitawo kumigodi, ndipo tinkangomutchula kuti Oubasi. Ankatilankhula Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi, koma mawu ake okondedwa anali awiri okha: "Bopha sterek!" Ndiye kuti manga zolimba. Chokokera chilichonse chinkabwera ndi pepala la malangizo, ndipo anzanga ankalitaya kapena kukulungira buledi. Ine ndinkalipinda n'kukaliwerenga m'sitima pobwerera kunyumba, mothandizidwa ndi dikishonale imene ndinatola pabini. Tsoka lake inali yothothoka kumapeto, inathera pa chilembo cha S, pamene mawu onse a ntchito yanga m'Chingerezi ankayamba ndi T. Choncho ndinaphunzira za njovu, za mapiri ndi za matenda a nkhosa, koma dzina la chimene ndinkamanga tsiku lililonse ndinachita kufunsa.

Komabe manja anaphunzira. Umayamba wachotsa bampala, watsitsa tayala lapadera, kenako umanyamula chitsulocho pachifuwa uli chigonere, n'kuchigunditsa ku chasisi kuti ulembe pobowola. Mabawuti ake si a pageti ayi, ndi aja okhala ndi nambala pamutu, ndipo umawamanga mopingasa, uku kamodzi uko kamodzi, mpaka sipanala yoyezera italira kuti kha. Mutu wa chokokera uzifika m'bondo la munthu woimirira. Pomaliza pamabwera mawaya asanu ndi awiri a magetsi: wachikasu wokhotera kumanzere, wobiriwira kumanja, wofiira wa mabuleki. Tsiku lina mabawuti abwino atatha, ndinatenga makina owotcherera kuti ndingomata. Oubasi anandikoka mwendo kundichotsa pansi pa galimoto ngati mbewa.

"Aikona! Ukawotcherera pamenepo chitsulo chimafewa. Chidzaduka patsetse, thirela n'kulowa m'galimoto ya munthu wina. Ana ake udzawalera ndiwe?"

Ndinati ayi bwana, anga omwe akundikanika. Anaseka, n'kunditumiza wapansi kukafuna mabawuti. Galimoto iliyonse isanatuluke ankakwera pa mutu uja ndi mapazi onse awiri, n'kudumphadumpha, chimunthu chonenepa chotero. Chikapirira iyeyo, chinkapirira chilichonse.

Dukathole, 1996

Ndinkagona ku Dukathole, ku Germiston, m'kanyumba ka malata komwe kumeneko amati mkhukhu. Amalawi tinalipo angapo, alonda, a m'magadeni ndi omanga, ndipo tinali ndi bungwe la maliro. Wapampando anali a Zimba, mkulu wa ku Mzimba amene anathera unyamata wake pansi pa migodi, munthu wosathamanga polankhula. Cholinga cha bungwe chinali chimodzi: Mmalawi akamwalira, akagone kwawo. Tinasonkherana n'kugula thirela yakale yokhala ndi chivundikiro, yokwana bokosi. Woikoka anali a Tembo, dalaivala wa ku Chipata wokhala ku Tsakane, yekhayo amene sankaopa kuyenda ndi mtembo kumbuyo mpaka ku Mwanza.

Thirelayo tinaiimika pansi pa mtengo pafupi ndi mpopi, yopanda loko, yopanda tcheni. Ine amene ndinkamva makasitomala akulira za kubedwa kwa mathirela sabata iliyonse, ndinangoti duu. Tonse tinkaganiza chimodzi. Kwathu chithatha chonyamulira maliro chimagona pathengo chaka chonse, ndani angachikhudze? Ngakhale wosowa nkhuni amachilambalala. Tinaiwala kuti kuno kunali kwa eni. Lamulungu lina masana tikuchokera kutchalitchi tinapeza pansi pa mtengo pali njerwa ziwiri zokha. Mayi wina wachizulu wogulitsa mandasi aja amati magwinya pampopi anatiuza kuti anabwera anyamata atatu pa bhaki, galimoto ija yapululu kumbuyo, mmodzi atavala jekete lakuda. Anakoleka mwaulemu, anayatsa magetsi, n'kunyamuka pang'onopang'ono.

"Timayesa mwaferedwa," anatero. "Abambo ena anavula ndi zipewa zomwe."

Tinaseka, chifukwa tikanatani? Koma kuseka kunatha patapita milungu isanu, pamene mlonda wina wa ku Dedza anamwalira ndi chibayo. Thirela panalibe, ndege inali ya ena. Tinamuika ku manda a boma komweko, pamzere wa anthu amene sanawadziwe, pamutu pake kachitsulo ka nambala. Pobwerera ndinayenda ndi a Nkhoma, telala wa ku Ntcheu amene anandilandira tsiku loyamba ku Dukathole ndi kundigawira bulangete. Anali munthu wa nthabwala, koma tsiku limenelo anandigwira mkono.

"A Mbewe, mwaona? Ine musadzandisiye kuno. Ndikadzuke ndi Azulu, ndikalankhula nawo chiyani?"

1997

Titagula thirela yachiwiri, bungwe linati a Mbewe ndinu a zitsulo, iyi ikabedwa tidzakukolekani inuyo. Ndinaitenga ntchitoyo ngati nkhondo. Ndinadula mutu wa chokokera chakale, n'kuulowetsa m'kamwa mwa thirela, n'kutsekapo ndi loko, kuti wakuba asapeze pokoleka. Ndinakumba dzenje lofika m'chiuno, ndinathira simenti, n'kuzikamo mphete yachitsulo. Pamphetepo ndinadutsitsa tcheni cha kumgodi chimene a Zimba anabweretsa, n'kuchizunguliza pa ekiselo. Pansi pa thirela, posaoneka, ndinalemba ndi makina owotcherera dzina la mudzi wathu. Sindinakhutire. Ndinachotsa matayala onse awiri, thirela n'kukhala panjerwa, tayala limodzi pansi pa bedi langa, lina pansi pa bedi la a Zimba, pamodzi ndi makiyi onse, poti ndiwo akulu. Malo ake tinasankha pambali pa mkhukhu wa a Nkhoma, chifukwa iwo ankasoka pakhomo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, maso ali kumsewu.

"Mwamanga ngati mwagwira fisi," anatero a Nkhoma akupalasa makina. "Tsono wakufayo azidikira inu mumalize kumasula?"

Ndinayankha monyada kuti ndi ntchito ya ola limodzi. Ndinkanama osadziwa. Chaka ndi theka Mulungu anatisunga, palibe anamwalira, ndipo thirela inakhala pamvula ndi pafumbi la migodi. Kawiri konse ndinapempha pamsonkhano kuti tiziimasula mwezi uliwonse, kuthira girisi ndi kuyesa magetsi. A Zimba anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mwana wanga, chinthu chimenechi sachisisita. Ukachidzutsa chimafuna katundu. Wamva kuti wina akudwala?"

Ndinakhala pansi. Nanenso ndinakulira momwemo: manda sakumba munthu akupuma.

Julaye 1998

A Nkhoma anayamba kutsokomola nthawi ya Pasaka. Pofika Juni makina anali ataphimbidwa ndi chitenje. Anagonekedwa kuchipatala milungu itatu, ndipo Lolemba lina anawatulutsa ndi mawu aja akuti kawasamalireni kunyumba, amene aliyense amadziwa tanthauzo lake koma palibe amalinena. Akazi awo, a Nabanda, ankauza aliyense wobwera kudzazonda kuti lero aliko bwino, amwa phala. Ife tinkayankha kuti Mulungu ndi wamkulu, n'kutuluka titazolika.

Lachiwiri a Tembo anandipeza pa galaja. Anali atagulitsa galimoto yakale n'kugula minibasi ina, ndipo kumbuyo kwake kunali kosalala ngati chipumi, kopanda chokokera.

"Amwene, tisabisane," anatero. "Galimoto ili pa ulesi mpaka Lachisanu. Loweruka ndinyamuka ndi anthu opita kumudzi, ndipo ndikayamba maulendo a nyengo yozizira ino siidzaimanso masiku awiri kuti inu muzibowola. Ngati mukufuna ndidzakokeko chinthu chanu chija, mangani sabata ino. Komanso muchiyese. Sindifuna tayala lidzandipitirire pa Tete."

Sabata imeneyo sindinakhazikike. Pantchito ndinalumikiza waya wa kumanzere kumanja, galimoto ya kasitomala n'kumaloza kwina ikukhotera kwina. M'sitima ndinatsegula nyuzipepala, mzere umodzi ndinauwerenga kuyambira ku Kempton Park mpaka ku Germiston. Ndikapita kukazonda a Nkhoma, maso anga ankathawira pa thirela: tcheni chitachita dzimbiri, udzu utamera m'kati mwa njerwa. Kenako ndinkachita manyazi ngati andigwira ndikuyeza munthu kutalika. Lachitatu madzulo ndinapita kwa a Zimba. Ndinayamba ndi za kuzizira, ndinadzera ku za mitengo ya palafini, mpaka iwo anatopa nane.

"Nenani chimene mwadzera."

"Makiyi, bambo. Ndi tayala lija."

"Munthu wamwa phala lero," anatero. "Inu mukufuna mukagogode zitsulo pakhoma pake? Mkazi wake adzati chiyani? Kumudzi kwawo akadzamva adzati anamupha ndani? Makiyi atuluka tsiku limene ndidzamve kulira, osati lisanafike."

"Tsiku limenelo a Tembo adzakhala ali kutali, bambo. Tidzamuika pa nambala."

"Zimenezo ndi za Mulungu."

Sindinganene kuti anali olakwa. Ndinkadziwa chimene chimamugwera munthu wotchedwa wofulumizitsa imfa ya mnzake: sadyanso naye m'mbale imodzi, ndipo dzinalo limakwera basi kukafika kumudzi iye asanafike. Amayi anu anali ku Ntcheu komweko, mudzi woyandikana ndi wa a Nabanda. Koma ndinkadziwanso kachitsulo ka nambala kaja, ndi dzanja limene linandigwira mkono.

Lachinayi ndinapempha Oubasi malo ndi zida. Ndinamufotokozera zonse m'Chifanakalo changa chothyokathyoka. Sanafunse zambiri. Anatulutsa yekha chokokera chokwana minibasi ija, anandibwereka tayala la thirela ina imene inkadikira mwini wake, ndipo titamaliza madzulo anakwera pa mutu uja n'kudumpha katatu osaseka. Imeneyo inali mbali yophweka, yochitikira kutali ndi maso.

Lachisanu sindinapite kuntchito. Cha m'ma teni koloko, dzuwa litafunda, ndinafika pakhomo pa a Nkhoma ndikugubuduza matayala awiri, paphewa pali jeke ndi sowo yodulira zitsulo. Ndinasankha masana dala, kuti asadzati ndinabwera mozemba. Ndinagwada, n'kuyamba kudula loko amene ndinagula ndekha, nditamusankha chifukwa wogulitsa analumbira kuti sadulika. Munthuyo sananame kwenikweni. Mano a sowo yoyamba anatha m'mphindi khumi, pa loko pali kamzere ngati ka chikhadabo. Ku Dukathole kunalibe magetsi oti n'kulumikiza makina, ndiye kunali kukwecha basi, kwee, kwee, ndipo khoma la malata linkabweza phokosolo kawiri. Anthu anayamba kuima patali. Ine ndinali wakuba woyamba kuyesa ntchito yanga, ndipo ndikuuzeni kuti mmisiriyo ndinamutukwana mumtima.

A Nabanda anatuluka ndi beseni m'manja. Anayang'ana matayala, anayang'ana ine, beseni linagwa.

"Alamu! Mukutani?"

"Ndikungokonza, mlamu."

"Mukukonzera ndani? Nenani, mukukonzera ndani? Anthu inu bwerani mudzaone! Amuna anga akupuma m'nyumbamu, awa abwera ndi matayala! Bulangete lija anakufunditsani, malipiro ake ndi amenewa? Mwatopa nawo? Mukufuna makina?"

Sindinadzutse mutu. Ndinadziwa kuti ndikaima sindiyambiranso, ndiye ndinapitiriza kukwecha uku akulira. Wina anathamanga kukaitana a Zimba. Kenako m'kati mwa nyumba munamveka kugogoda pa lata, katatu, ndi mawu otsika.

"Nabanda, auze a Mbewe alowe."

Ndinalowa ndi manja akuda. A Nkhoma anali atatsamira pilo, atatha ngati ndodo, maso okha ndiwo anali aakulu. Ndinakhala pansi pafupi ndi khomo. Anandiyang'ana mpaka ndinafuna nthaka ing'ambike.

"Ola limodzi lija ndi limeneli?" anatero.

Ndinalephera kuseka, ndinalephera kulira.

"Milungu itatu aliyense akundiuza kuti ndikuoneka bwino. Inu nokha mwabwera ndi sowo." Anatsokomola nthawi yaitali. "A Tembo anyamuka liti?"

"Mawa m'mawa."

"Chokokera mwamanga?"

"Dzulo."

"Ndiye ndidikirenji? Ngati njira yakonzeka, ndipita ndili maso. Kumbuyoko muikeko makina anga, bedi ndi mapoto a mayiwa. Ine ndikhala pampando ngati munthu. Ndikaone amayi, ndikadye mbatata ya kachewere ya pa Tsangano." Anatembenukira kwa akazi awo amene anaima pakhomo. "Usalire, longedza. Ndipo inu a Mbewe, siyani kundikwechera m'makutu. Kapempheni makiyi ngati munthu wamkulu."

Potuluka ndinapeza a Zimba ataima pafupi ndi thirela. Anali atamva zonse, poti khoma la lata silisunga chinsinsi. Anabwerera kwawo, n'kubwera ndi makiyi ndi tayala, n'kuziika pansi, osati m'manja mwanga. Ngakhale ndi makiyi, maloko anali atagwirana ndi dzimbiri, ndipo tinachita kuwanyika m'palafini. Mabering'i a mbali imodzi anali atauma gwa. Waya wa mabuleki makoswe anali atadya. Ndinamaliza dzuwa likulowa, ndipo ndinazindikira kuti tikanadikira kulira, tikanalira kawiri.

Loweruka m'mawa tinawanyamula a Nkhoma pa mpando mpaka m'minibasi. Ndinakoleka thirela, ndinapingasa matcheni achitetezo pansi pake, ndinauza a Tembo aponde mabuleki, magetsi ofiira anayaka onse awiri. A Nkhoma anakweza dzanja pawindo. A Nabanda ndinawatsanzika, anayang'ana kumbali, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene anamwalira zaka zapitazi sanandiyankhepo moni. Amayi anu anaima nawo pachigayo kangapo, akudziwa mmene zinkawawira.

Ogasiti 1998

A Tembo anabwera patatha milungu itatu, thirela ili yopanda kanthu ikudumphadumpha kumbuyo. Anati anafika bwino, ngakhale anaima kambirimbiri panjira. A Nkhoma anakhala masiku khumi ndi limodzi pakhonde la amayi awo, akulandira anthu ndi kuwaseka, ndipo anagona kumanda a kwawo, pafupi ndi bambo awo. Ena ku Dukathole anati ulendo ndiwo unawatsiriza, akanakhala akanafika Khirisimasi. Mwina n'zoona. Ndawerenga mabuku ambiri chipumireni pantchito, ena okhala ndi masamba onse, koma limene lingandiuze zimenezo sindinalipeze.

Panatsala nkhani ya koika thirela. Mu mkhukhu wa a Nkhoma munalowa anthu ena, ndipo pamsonkhano aliyense anali ndi chifukwa: uyu pakhomo n'pothina, uyu ana amasewera pamenepo, uyu akazi ake salola. Palibe ankandiyang'ana. Pomaliza ndinati ibwere kwanga. Ndinakumba dzenje lina, ndinazika mphete ina, ndinagula maloko atsopano, koma matayala ndinawasiya pomwepo, ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndinkaimasula n'kuiyendetsa mpaka pampopi. Masiku amenewo anthu ankadzera njira ina.

Tsiku lina ndili pansi pake ndi chitini cha girisi, ndinaona nsapato za a Zimba zitaima pafupi ndi mutu wanga. Aka kanali koyamba kundiyandikira chichokereni a Nkhoma. Ndinatuluka, n'kupukuta manja pa ovolosi. Anatulutsa makiyi apadera amene ndinawatumizira monga wapampando, ndipo ulendo uno anawaika m'manja mwanga.

"Sungani ndinu, poti inu simuopa."

Ndinati ndimaopa, bambo, kwambiri. Anagwedeza mutu, anayamba kuchoka, kenako anaima osatembenuka.

"Chifuwa cha kumgodichi mukuchimva mmene chikulirira. Tsiku langa likamayandikira, musadzadikire kuti ndikuuzeni." Anakhosomola, n'kulavulira kumbali. "Koma mudzadzere kuseri, a Mbewe. Sipanala yanuyo ndisadzaimve."